Telala Amene Anayeza Mimba ya Bwana

Lolemba, 3 Malichi

Ntchito yaikulu ya polisi yathu lero: tamanga telala. Bambo wachikulire, tepi m'khosi, magalasi omanga ndi ulusi. Anabwera kudzayeza Bwana thalauza la pelete. Atazunguliza tepi m'chiuno anangoti, "Apa pawonjezekera mainchesi atatu, bwana, ntchito ikukuyanjani." Pamaso pa tonsefe. Wina anatsokomola. Basi, mlandu wakwana.

Bwana: "Mutsekereni, aphunzire ulemu." Nkukwera galimoto, ulendo.

Pa kauntala ndinali ine, ndiye wosayina m'buku ndine. Pamzere wolemba mlandu ndasiya mpata. Zaka zinayi ku yunivesite, palibe anandiphunzitsa lamulo loteteza mimba.

Lachiwiri, 4 Malichi

Bwana apita ku maphunziro a masiku atatu ku hotela. Mutu wake: utsogoleri wabwino. Ndaseka mpaka tiyi kutulukira m'mphuno.

Ndafunsa wachiwiri wawo, a Ndamva (timawatcha choncho chifukwa mawu amene amawadziwa pamaso pa Bwana ndi omwewo), ngati tingamutulutse. Akuti wotseka ndiye amatsegula. Ndati aimbe foni. Andiyang'ana ngati ndawatuma kukagwira njoka kumchira. Kuwakumbutsa Bwana za telala nkuwakumbutsa za mainchesi aja, ndipo wokumbutsayo ndiye angalowe m'malo.

Lachitatu, 5 Malichi

Mkazi wa telala, ndi chakudya m'kambale ndi mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Wagwada. Kugwadira ine, msinkhu wa mwana wake. Akuti mayunifolomu a ana asukulu ali pamakina osatha, eni ake ayamba kudzatenga nsalu zawo. Wafunsa kuti mlandu wake ndi wotani, akauze abale. Ndati tikufufuza, mayi. Mkamwa mowawa tsiku lonse.

Nthawi imene lamulo limalola kusunga munthu yatha masana ano. Ndikulidziwa bwino, ndinakhoza nalo mayeso. Kiyi wa chitolokosi ali m'dilowa yanga.

Mndandanda wa okwezedwa utuluka mwezi uno. Ndalemba mzere umenewu dala, kuti ndizidziona mmene ndilili.

Lachisanu, 7 Malichi

Bwana abwerako, ndi satifiketi ndi chikwama chatsopano. Tonse pamzere padzuwa, ola lathunthu, kumva kuti mtsogoleri ndi wantchito wa anthu ake, kuti chitseko chawo nchotsegula kwa aliyense. A Ndamva kuwomba m'manja ngati pa ukwati. Amuna a ndevu zawo, odziwa kugwira mfuti, ndi ine wa digiri yanga, palibe watchula telala.

Telalayo miyendo yamutupa. Sakudandaula. Wangondiuza kuti batani la malaya anga latsala pang'ono kugwa, mwana wanga, pakanakhala singano. Ndapita kukaima kuseri kwa ofesi, pamulu wa njinga zolandidwa.

Lolemba, 10 Malichi

Loweruka ndi Lamlungu sindinalembe. Ndikanalemba chiyani.

Ndagogoda pachitseko cha Bwana. Sawatcha, zidendene kugunda. Ndanena za telala.

"Telala wake uti?"

Anaiwala. Ife sabata yathunthu kuyenda monyang'ama kuopa mkwiyo umene mwini wake anausiya pageti Lolemba lomwelo.

Kenako nkhope kusintha, buku libwere. Akuti ndani wasunga nzika masiku asanu ndi awiri popanda mlandu, pa polisi yawo, iwo atangochokera kumene ku maphunziro? A Ndamva akuti nawonso adabwa kwambiri. Chala cha Bwana chatsika ndi tsamba, chaima pomwe ndinasayina.

Telala watuluka masana. Bwana amugwira chanza, kumupepesa m'malo mwa achinyamata osadziwa ntchito. Bamboyo wathokoza. Wathokoza ndithu, chipewa m'manja.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndilembe lipoti lofotokoza chifukwa chake asandilange, lifike mawa mmawa. A Ndamva andinong'oneza mwachifundo kuti ndingoti ndinaiwala, zithera pa chenjezo, dzina langa likhalabe pamndandanda. Ndikalemba zoti ndinalamulidwa, ndimangiretu katundu, ndikupita komwe basi sifika.

Mapepala awiri patebulo. Loyamba latha, mizere itatu, yaulemu, yabodza. Lachiwiri ndalemba kuti pa 3 Malichi, pamaso pa apolisi asanu ndi anayi amene mayina awo ndi awa, Bwana analamula.

Mayinawo ndikuwadziwa onse. Koma woti mawa avomere kuti analipo, sindikumuona.