Nkhodolero ya mu Ng'ombe

Mayi Aleluya, 07:42
mwadzuka bwnj nonse. tithokoze Ambuye atidzutsa amoyo. koma bwana nkhani ija yakula. uthenga wa katemera sunafike kwa alimi 412. a vet dzulo anakhala pa dip tsiku lonse osaona ng'ombe ndi imodzi yomwe

Bwana, 07:45
a client andiimbira kale. akufuna yankho by 3. system yagwa?

Mayi Aleluya, 07:47
ayi. a mbuzi ndi nkhumba onse analandira. osowa ndi a ng'ombe okhaokha. ngozi siisankha chonchi

Bwana, 07:48
library yathu ya C ija, code yokonza ma sms, anaigwira komaliza ndani?

Mayi Aleluya, 07:51
git, yosunga mbiri ya code, ikuti Pointer, lachinayi. anasintha str_join, yolumikiza mawu ija, ndi str_match yofufuzira. str_split yanga yodula mzere pa ma comma palibe anaikhudza, zaka zitatu osadwalapo

Bwana, 07:52
lachinayi lomwe anapereka notice yosiya ntchito?

Mayi Aleluya, 07:52
lomwelo

Bwana, 07:53
@Pointer tiyankheni

Bwana, 08:40
wawerenga. ma tick a blue awo

Mayi Aleluya, 08:44
sindifuna kuweruza. koma kampani akupitako ija imatumizanso ma sms kwa alimi. wodya nawe mbale imodzi ndi amene amadziwa pokubaya

Bwana, 08:46
reference letter yake ili pa desk panga. sindisaina. ikakwana 3 ndiwauza a client dzina lake

Pointer, 09:31
amayi tsegulani inbox pls

Mayi Aleluya, 09:33
zamseri ayi achimwene. kuwala sikubisala. nenani pompano

Pointer, 09:34
ndakuimbirani kawiri

Mayi Aleluya, 09:35
ndaona. sindinayankhe dala

Bwana, 09:36
iwe mu str_join unkafunamo chiyani munthu ukuchoka?

Pointer, 09:39
imasiya comma kumapeto kwa mzere. ndimafuna ndisiye m'nyumba mosesa. bwezani code yakale muone ngati ng'ombe zibwere

Mayi Aleluya, 10:58
ndabweza. sizinabwere

Bwana, 10:59
ndiye wabisa penapake. anyamata a C awa amakwirira zinthu pansi ngati mfuko

Pointer, 11:02
amayi ndikupemphanso. inbox

Mayi Aleluya, 11:03
PANO

Pointer, 11:10
chabwino. ipatseni str_split mzere uwu
mbuzi,4,lachiwiri
kenako uwu
ng'ombe,4,lachiwiri

Mayi Aleluya, 11:19
woyamba zidutswa zitatu. wachiwiri NULL, palibe chatuluka

Mayi Aleluya, 11:19
wachita bwanji zimenezi

Pointer, 11:24
[voice note 0:38] si ine amayi. str_split ikaona quote, mtengero uja, imaleka kudula mpaka ipeze inzake yotseka. ndiye kachizindikiro ka mu ng'ombe kaja, kamene ku pulayimale tinkati nkhodolero, iyo ikukayesa quote. imadikira yotseka, mzere n'kutha, n'kuutaya mwakachetechete. code imeneyi siidziwa Chichewa

Bwana, 11:26
nanga zaka zitatu zonsezi ng'ombe zinalibe nkhodolero? usatipusitse

Pointer, 11:29
anti a data entry amene anapuma aja ankalemba mu Word, imene imakapinda kukhala ’ ndipo split siikaona. atsopanowa akulemba straight mu form, kakutuluka koongoka '. anayamba lolemba

Pointer, 11:30
line 88. onani amene anailemba

Bwana, 11:47
amayi?

Bwana, 12:30
amayi muliko?

Mayi Aleluya, 13:05
ndine. line 88 ndinalemba ndine, pamwamba pake ndinaikapo ndi comment yoti "zatheka mwa chisomo". ndimasakasaka kachitsotso m'diso la mwana wa eni, mtanda wa denga uli m'langa

Mayi Aleluya, 13:07
Pointer unadziwa nthawi yanji?

Pointer, 13:08
cha m'ma 9. ndimafuna mukonze nokha bwana asanaone. munandiphunzitsa C ndinu, kuyambira malloc

Mayi Aleluya, 13:16
bwana a client muwauze dzina langa. ndakonza, ndaikanso test ya ng'ombe, ng'ona ndi ng'oma. ma sms 412 apita. kalata ija sainani lero ndione ndi maso

Bwana, 13:20
ok ndasaina. koma str_match ndiionabe

Pointer, 13:21
ionenitu bwana 😂

Mayi Aleluya, 13:34
mwana wanga, ndinakunenera zoipa poyera, ndiye ndikupepesanso poyera. undikhululukire. Ambuye akutsogolere kumene ukupitako, akudalitse polowa ndi potuluka, ndipo akupatse anzako oyankha foni ukawaimbira

Pointer, 13:52
amen amayi. koma comment ija musaichotse