Dzina la Mayi Aang'ono Latsekeredwa M'kompyuta

Limbe, 9 Malichi 1993

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Ulongwe. Kodi bondo lija laleka kutupa? Ine kuno ndili bwino, ntchito ya umesenjala ikuyenda, koma nkhani ndili nayoyi si yokoma.

M'kalata ya pa 11 Febuluwale ndinakuuzani kuti ndaona dzina la mng'ono wanu, mayi aang'ono a Scholastica, m'kompyuta ya ku ofesi kwathu, mmene timasunga maina a anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Sindinaname. Ndinaliona ndi maso angawa pa nambala 4,317, pamodzi ndi chaka chawo chobadwa, 1951. Dzina la kampu imene akukhala linali pa tsamba lachiwiri. Akalaliki anati nthawi yoweruka yakwana, tidzasindikiza mawa, ine osalimbikira.

Mawa lakelo, pa 12, kompyutayo inakana kuyaka. Okonza anati yapsa mkati.

Pa 22 inabwera yatsopano, ya zithunzi zamitundu ndi kachipangizo kokoka patebulo kamene amati mausi. Mainawo sanatayike, ali pa madisiki asanu ndi awiri. Vuto ndi pulogalamu yowerengera mainawo. Anailemba mzungu wina mu 1987, ndipo anabwerera kwawo kalekale. A Sufiyani, amene amatikonzera makina, aiika mu yatsopanoyi kanayi. Imatseguka ndithu, nkufunsa nambala. Mukalemba nambalayo imangoima, mpaka kuzimitsa kompyuta yonse.

A Sufiyani akuti pulogalamuyi inazolowera kayendetsedwe ka makina akale, ndiye ikapempha zinthu, yatsopanoyi siimva. Ndinafunsa ngati sangaibweze m'mbuyo kuti ikhale ngati yakale. Anaseka, nkunena kuti abwana sanaitanitse makina kuchokera kunja kuti iwo awakalambitse, komanso madisiki a kayendetsedwe kakaleko palibe akudziwa kumene ali. Mzungu uja a ku ofesi anamulembera kalata pa 1 Malichi. Yankho silinabwere. Mafomu a pepala anatsala kumakampu, ndipo sindidziwa kuti ndingayambire kampu iti.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Chisainireni mtendere mu Okutobala, anthu ayamba kubwerera kwawo paokha, osatsanzika. Mvula ikangotha adzapita ambiri. Mayi aang'ono akawoloka malire, nambala ija ilibenso ntchito.

Pempho langa ndi limodzi. Mutume mlongo wanga Eliza ku Balaka akafunse kwa abambo a ku parishi ngati ali ndi kompyuta yakale, ya zilembo zobiriwira zokhazokha, yolowa madisiki akuluakulu ofewa. Asachite manyazi kufunsa yakaleyo, angakhale amuonetse yokongola. Ikapezeka, a Sufiyani avomera kubwera nane pa sitima Loweruka lililonse.

Eliza anandilembera kuti mwazira kale kuchipinda ndipo mwagula mphasa yatsopano poyembekezera mayi aang'ono. Ndinafulumira kukuuzani, amayi, mundikhululukire. Mphasayo muipinde kaye, chiswe chingaidye.

M'mawa uliwonse ndikamapukuta patebulo ndimatsegula bokosi la madisiki nkuwawerenga. Onse asanu ndi awiri alipo. A Sufiyani akuti nambala 4,317 iyenera kukhala pa yachisanu, ndiye imeneyo ndaikulunga m'kansalu kuti isalowe fumbi. Zimene ndingathe ndi zomwezo.

Moni kwa amalume, kwa alamu anga ndi ana onse.

Ndine mwana wanu,
Japhet