Ndinaloza Lachitatu

Lolemba, 12 Juni

Mvula maola atatu. Mazira 7, limodzi losweka.

Kalata ya kukhonsolo yafika. Boma lapereka ndalama zokwana masedi 180,000 kudera lathu, koma a ntchito imodzi yokha. Anthu asankhe okha pamsonkhano, lipoti likafike ku ofesi pa 19. Zopempha n'ziwiri. Amayi a kuno kumtunda akufuna shedi ndi makina a gari, ufa wachinangwa wokazinga, ndipo wapampando wawo ndi Akpene, mkazi wa mwana wanga. A ku Kpodzi, tsidya la mtsinje wa Tsawe, akufuna kamlatho.

Efo Agbeko, khansala wathu, anandipatsa kalendala. "Aphunzitsi, mlembi ndinu, tisankhireni tsiku." Ndinaloza Lachitatu. Msika wa ku Avekpo umakhala masiku asanu aliwonse: pa 4, pa 9, pa 14. Athu kuno gari amagulitsira pakhomo, koma a ku Kpodzi tsiku la msika amanyamula therere ndi makala onse, kumatsala nkhalamba ndi mbuzi. Agbeko anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kalendala.

Lachitatu, 14 Juni

Pansi pa mtengo wa mango panabwera anthu 94. A ku Kpodzi 11, mwa iwo mayi mmodzi yekha. Ndinagawa njere za chimanga, munthu imodzi, aliyense n'kukaponya m'chikho cha zomwe akufuna. Makina 71, mlatho 23. Ndinawerenga kawiri anthu akuona, ndipo sindinabe njere ngakhale imodzi. Izi ndakhala ndikudziuza tsiku lonse.

Akpene wandibweretsera abolo 6 otentha, mikate yachimanga, ndi nsomba. Ndadya mmodzi.

Lachinayi, 15 Juni

Kwabwera Yayra wa ku Kpodzi, amene ndinamuphunzitsa kalasi yachinayi kalekale. Nsalu yonyowa mpaka m'chiuno, nsapato m'manja. Ndinakonzeka kuti andilalatire. M'malo mwake anandipatsa therere.

"Musadandaule, Aphunzitsi. Kwathu ena akuyankhula zambiri, koma ine ndawauza kuti munthu akakula masiku amasokonekera. Munangoiwala."

Ndinati zikomo chifukwa cha therere. Analipo 32.

Madzulo ndinapita kusukulu kukaona kaundula, ngakhale ndinapuma zaka 14 zapitazo. Ana a ku Kpodzi alipo 43. Chiyambire mwezi uno ajomba masiku 6 chifukwa Tsawe wadzaza. Nambala zoterezi ndinkazilemba ndekha ndi inki yofiira n'kumakazisonyeza akuluakulu a maphunziro.

Lachisanu, 16 Juni

Pamjigo, mayi wina asanandione: "Mayi amene amadziwa kuchuluka kwa malata a tchalitchi angaiwale msika?" Kuseka. Wina: "Tsitsa mawu, adzakuwerenga mano."

Agbeko wabweretsa fomu ya lipoti. Funso lachisanu ndi chiwiri: kodi midzi yonse inapatsidwa mpata wofika pamsonkhano? Inde kapena Ayi.

"Chongani Inde basi, Aphunzitsi. Wolengeza anaimba chitsulo chake mpaka tsidya, sanamve ndani? Tikachedwa ndalama zibwerera ku Accra, tonse titsala tikuyasamula."

Ndinati maso akuwawa, ndilemba mawa.

Loweruka, 17 Juni

Sindinalembe. Mazira 5.

Lamulungu, 18 Juni

Titaweruka kutchalitchi ndinamuitana Akpene kukhonde, ndinamuuza zonse, ndi zoti pafomu ndichonga Ayi. Amanditchula Dada, ndiye kuti amayi. Anati: "Dada, ndinakupemphani ine?"

Sanandipemphe. Ndinkangoona manja ake, mmene utsi ndi chiwaya zawathera pa zaka 19 akukazinga gari, ndiye ndinati ndimuthandize.

"Ndiye mukufuna mudzi wonse uziti Akpene anatuma apongozi ake kukabera anthu? Amayi 26 avina kale. Ndikawauze chiyani?"

Ndinati uwauze kuti ndine.

"Adziwa kale kuti ndinu. Chimene sakudziwa n'choti mukufuna kuyera nokha, ife n'kutsala ndi utsi."

Anatenga mbale yake ya abolo n'kumapita. Mawu amenewo ndawatembenuza kambirimbiri. Sindikupezamo bodza.

Lolemba, 19 Juni

Lero ndi msikanso. Minibasi yopita ku Avekpo inadzaza amayi a ku Kpodzi ndi madengu awo. Anandipatsa mpando wakutsogolo, Yayra anandinyamulira chikwama.

Ku ofesi ya khonsolo, mkulu wa mapulani, mwana wamng'ono ngati mdzukulu wanga, anawerenga fomu mpaka pomwe ndinachonga Ayi.

"Mama, munasokoneza tsiku?"

"Sindinasokoneze. Ndinalisankha."

Anavula magalasi. Akuti msonkhano uchitikenso pasanafike pa 30, apo ayi ndalama zipita kudera lina. Anandikankhira kalendala. Ndinati tsiku lisasankhidwe ndi ine, njere zisawerengedwenso ndi ine. Ndinatuluka kukamuitana Yayra pamsika, ndinamubweretsa, ndipo ndinabwereza mawu omwewo iye akumva. Sanandiyang'ane. Anayendetsa chala pakalendala, akuwerenga zisanuzisanu monga ndinamuphunzitsira, n'kuima pa Lachiwiri, 27.

Pobwerera mpando wakutsogolo unali ndi dengu la tomato. Ndinakhala kumbuyo. Potsika Yayra anandigwira mkono kuti ndisaterereke m'matope.

"Pondani apa, Daavi Enyonam."

Enyonam ndi dzina langa, ndipo Daavi timatchula mayi wina aliyense. Zaka 31 wakhala akunditchula Aphunzitsi.

Kwa Akpene chitseko n'chotseka. M'minibasi munali anthu angati, sindikudziwa.