Tepi ya Chinkhoswe cha ku Ndamera

Lachinayi madzulo, pa boma la Nsanje.

Lero kwatentha, koma thukuta langali si la dzuwa lokha. Kanema wa chinkhoswe cha ku Ndamera wandiimitsa mutu.

Sabata yatha ndinamukopera pa kompyuta ndi pulogalamu yakale ija, poti yatsopano yomwe ndimadulira ndi kulumikiza zithunzi imakana kamera yanga ya tepi. Nditaona zithunzi zikuyenda ndinati basi zatheka, osamvetsera n'komwe. Lero ndamutsegula m'pulogalamu yodulira. Amayi akuvina gule wa utse, milomo ikuyenda, koma phokoso zii. Ndabwerera ku yakale ija, nakonso zii. Mawu sanalowe.

Chondiwawa n'chakuti matepi akusowa masiku ano, ndiye Lamulungu ndinajambulira kwaya ya ku Marka pa tepi yomweyo.

Masana anabwera amayi ake a mkwatibwi, atavala zakuda. Amuna awo anamwalira patangotha masabata awiri chichitikireni chinkhoswecho.

"Achimwene, musavutike ndi zokongoletsa," anatero. "Ife tikungofuna paja malemu ankalangiza mwana wawo, timvenso mawu awo."

Ndinawayankha kuti, "Mawa, mayi." Iwo anathokoza m'Chisena kuti "Takhuta," n'kundisiyira mango m'kathumba.

Kwaya ija sinaimbe nthawi yaitali, ndipo malemu analankhula chakumapeto kwa mwambo. Mwina mawu awo akadalipo kumathero a tepi. Kamera ili patebulo pano. Ndaigwira kawiri konse, koma chala chikukana kudina, chifukwa ndikangomva kwaya mpaka kumapeto...