Mwendo wa Esinati ukudikira mawu anu

Alamu,

Landirani moni wanga mwaulemu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nazombe tilipo, koma mwana wathu Esinati bondo lija latupa ngati dzungu, sakupondanso pansi.

Lachiwiri tinali naye kuchipatala ku Blantyre. Adokotala anationetsa chithunzi cha fupa, nati, “Bambo, iyi ndi khansa. Tikadula mwendo msanga, mwanayu ali ndi mwayi.” Ndinatenga cholembera kuti ndisayine. Mlongo wanu anandigwira dzanja, amvekere, “Achimwene sanayankhe. Inu ndinu mkamwini chabe.” Pamaso pa anthu, alamu! Tinabwerako choncho, mwana akukuwa paliponse pamene minibasi yagwera m'dzenje.

Zaka zonsezi ndalima munda wakwanu, ndafolera nyumba ya amayi anu, osadandaula. Lero mwana wobereka ndekha ndizimupemphera chilolezo kwa munthu wosayankha foni?

Chonde imbani, mumuuze mlongo wanuyu mawu amodzi okha. Mukachedwa tidzakuimbirani ndife kufunsa malo okumba manda, pakuti pamenepanso mwini mbumba ndinu.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlamu wanu,
Yohane