Imfa ya Mayi Eneles Kamtedza, Msungi wa Nkhokwe ya Tigawane

Kwa bambo Oscar Kamtedza, ana awo Jenifa ndi Innocent, achibale onse, ndiponso anthu a m'midzi ya ku Mtakataka ndi Golomoti:

Ife a bungwe la Nkhokwe ya Tigawane tikulemba uthenga uno ndi chisoni chachikulu, komanso ndi mkwiyo umene sitikufuna kuubisa, pa imfa ya mayi Eneles Kamtedza, msungi wa nkhokwe yathu, amene anatisiya Lolemba lapitali ku chipatala cha ku Mua, patangopita masiku awiri chivulazidwireni pakhomo pa nkhokweyo. Mayiwa sanamwalire ndi matenda kapena ukalamba. Anapondedwa ndi anthu amene akhala akuwadyetsa kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Nkhokweyi inayambira m'chipinda cha nyumba yawo, chaka chimene madzi osefukira anakokolola minda yambiri kuno. Ndi iwo amene anayenda khomo ndi khomo kupempha kuti aliyense akakolola azipatula ndowa imodzi: olima ku Bwanje azipereka mpunga, ena chimanga, asodzi usipa wouma, ndipo wopanda munda kapena ukonde azibwera kudzapeta, kudzathira mankhwala a anankafumbwe ndi kudzasoka matumba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amalandira malipiro. Ndi iwonso amene anaumirira kuti mayina a olandira, makamaka okalamba, odwala ndi osunga ana amasiye, aziwerengedwa pamsonkhano anthu onse akumva, kuti chakudya chizigawidwa Lachitatu lililonse kuyambira Disembala mpaka chimanga chitacha, ndi kuti chitseko chikhale ndi maloko awiri, kiyi imodzi kwa a kutchalitchi, ina kwa a kumzikiti, kuti pasadzapezeke wotsegula yekha. Kiyi yoyamba ankasunga iwo. Yachiwiri ndimasunga ine amene ndikulemba.

Popeza mabodza ndiwo awapha, tikufuna kuti zoona zake zilembedwe. Mu Januwale, chimanga chitayamba kusowa m'misika, kunabwera wamalonda wina kudzafuna kugula cha m'nkhokwe, ndipo anawalonjeza mayi Kamtedza kuti nawonso awaganizira pambali. Iwo anamuyankha kuti, "Chimangachi si changa, bambo. Ngati muli ndi njala, bwerani Lachitatu ndi mbale." Munthuyo anachoka atakwiya. Patapita milungu iwiri komiti inagwirizana kuti mpunga wina ukasinthanitsidwe ndi chimanga ku Golomoti, chifukwa thumba limodzi la mpunga limabweretsa awiri a chimanga, ndipo mabanja ofuna thandizo anali atachuluka. Mayiwa anapita ndi mpungawo pangolo dzuwa lili paliwombo, aliyense akuona. Wina anajambula ngoloyo, chithunzicho n'kuyamba kuyenda m'mafoni ndi mawu akuti Eneles akugulitsa chakudya cha amasiye. Amene anayamba kuchitumiza ndi wamalonda uja, ndipo dzina lake talipereka kale kupolisi.

Pano tiyenera kuvomereza kulakwa kwathu. Mphekeserazo tinazimva, ndipo mayi Kamtedza anatipempha kuti tiitanitse msonkhano tifotokoze. Ife tinawauza kuti angozisiya, zitha zokha. Tinawasiya asenze okha dzina la wakuba kwa masiku khumi, akunyozedwa pachitsime ndi pamsika, ife tili chete.

Loweruka m'mawa anthu ambiri anasonkhana pankhokwe, akukuwa kuti m'katimo mulibe kanthu. Mayiwa anandiitanitsa ndi kiyi yanga. Nditaona mmene anthuwo analili, ndinati, "Amayi, tisatsegule lero. Tidikire apolisi."

Iwo anati, "A Fatuma, tikakana kutsegula adzati n'zoona. Alowe aone okha."

Tinatsegula. Matumba anali mpaka kudenga, ndipo chimanga chochokera ku Golomoti chija chinali pafupi ndi khomo. Ine ndinaganiza kuti anthuwo achita manyazi abwerera. Kenako bambo wina ananyamula thumba n'kuthawa nalo, ena onse n'kukhamukira m'kati. Mayi Kamtedza anaima pakhomo atatambasula manja, akuitana anthuwo mayinamayina, popeza onse ankawadziwa. Anakankhidwa, anagwa chagada pa sitepe, ndipo anthu anadutsa pa iwo polowa ndi potuluka, atasenza matumba.

Tamva ena akunena kuti ndi njala imene yachita zimenezi. Tikukana. Njala ikanakhala yochititsa, okalamba amene amagona ndi mango owiritsa akanakhala patsogolo, koma sanalipo. Analipo ndi amuna amphamvu, ena a iwo oti nyumba zawo zili ndi ufa, ndipo lero ena mwa matumba aja akuoneka pamsika. Inu amene munakhamukira m'nkhokwe, munabwera kudzafuna wakuba; mutapeza kuti palibe, munaba ndinu. Inunso amene munangotumiza chithunzi chija kwa anzanu osafunsa, musaganize kuti manja anu ndi oyera chifukwa simunafike pamalopo.

Lachitatu lino mabanja oposa makumi asanu ndi limodzi abwera ndi mbale zawo, ndipo apeza pansi posesedwa. Tagwirizana kuti sititseka. Asodzi atilonjeza usipa, alimi ena a mpunga ayamba kale kubweretsa zochepa zimene anatsala nazo, ndipo tigawa zimenezo. Ana a anthu amene anaba sitiwachotsa pamndandanda, chifukwa anawo alibe mlandu. Koma makolo awo tikuwapempha chinthu chimodzi: Lachinayi pamaliro musadzakhale kutsogolo, musadzatsogolere nyimbo, ndipo musadzagwire bokosi.

Bambo Kamtedza, tili kuchipatala munatifunsa kuti, "Kodi mkazi wanga analakwa chiyani?" Lero tikuyankha poyera, kuti ana anu adzakhale ndi pepala loonetsa aliyense wofunsa: mayi Eneles sanalakwe kanthu, ndipo sanatengepo ngakhale njere imodzi ya m'nkhokwe muno.

M'malo mwa mamembala onse, Akhristu ndi Asilamu, alimi ndi asodzi, ndikupepesa kwa inu, kwa Jenifa ndi Innocent, ndi kwa abale onse, pa imfa imeneyi komanso pa kukhala chete kwathu pamene mayiwa ankatifuna. Mulungu akupatseni mphamvu yopirira masiku ovutawa. Pamene mlandu udzazengedwe simudzapita nokha. Tidzakhala nanu, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuima kunena zimene ndinaona.

Ine,
Fatuma Jafali
Wapampando, Nkhokwe ya Tigawane
Mtakataka, Dedza