Mphindi Zinayi Zomwe Wailesi Imakhala Chete

ZEFANIYA LUKA CHIKOPA
1972 – 2021

Adadi, lero Lamulungu zakwana zaka zinayi chitisiyireni, ndipo ine ndi amami sitinamalizebe kukangana za chithunzi chili pamwambachi. Ine ndimafuna chija munajambulitsa ku Space Centre mutavala yunifolomu ya kuntchito, mutakweza mutu kuyang'ana roketi, kukamwa kuli yasa. Amami akuti amuna awo sangatuluke m'kapepala ka tchalitchi ngati munthu wosochera. Akuti suti basi. Ine ndikuti suti imeneyo munkaivala kawiri pachaka, komanso inkakuthinani m'mapewa. Iwo akuti kuthina si nkhani, nkhani ndi ulemu. Achemwali anga a Chrissie atatopa nafe anagamula kuti chithunzi asankhe amami, mawu ndilembe ine. Ndinavomera msanga kwambiri moti amami anandiyang'ana kawiri. Ndiye suti ndi imeneyo. Mawu ndi awa, ndipo palibe wa m'nyumba mwathu anawawerenga asanapite kosindikiza.

Timakukumbukirani Loweruka masana, pa sofa ya m'nyumba mwathu ku Spinney Hill, mumzinda uno wa Leicester, makatani mutatseka kuti dzuwa lisawale pa TV. Azibambo ena ankaonera mpira. Inu munkaonera mafilimu akalekale a anthu oyamba kukwera roketi, nthawi ija akuyesa kumene ngati munthu angapite mumlengalenga n'kubwerako wamoyo. Zithunzi zake zinali zozilala, zonjenjemera, mawu ake ngati wina akulankhulira m'chitini. Pansi pano amuna a malaya oyera ndi tayi zowonda, ndudu pakamwa, maso pa mawotchi. Kumwambako munthu mmodzi yekha atam'mangirira m'kachombo kochepa kuposa bafa yathu. Munkamuloza n'kunena kuti ameneyu sakudziwa ngati abwerako, om'tumawo sakudziwanso, koma taonani wapesa tsitsi. Munkaseka mpaka kutsokomola, amami n'kukuwa ali kukhitchini kuti filimu yomweyo munaseka sabata yatha.

Munkandikakamiza kufotokoza zonse zomwe tikuona m'Chichewa, kuti chinenero chisandithawe. Pomwe panalibe mawu tinkapanga athuathu. Kupanda Loweruka amenewo bwenzi ndikulephera kulemba izi. A Akhtar a pagolosale, aja anabadwira ku Limbe, mpaka pano sanditchula dzina, amangoti mwana wa a roketi. Akandipatsa katundu amati nyuzipepala yanu amaisungabe m'maganizo Loweruka lililonse.

Kunyamuka kwa roketi sikunkakukomerani kwenikweni. Ine ndinkafuna moto ndi utsi, kenako kuthamangitsa filimu kuti tifike pomwe parachuti ikutambasuka pamwamba pa nyanja ngati duwa, helikopita ikubwera. Inu rimoti simunkapereka. Munandifotokozera kuti pobwerera kachombo kaja kamatentha kwambiri moti wailesi imaduka kwa mphindi pafupifupi zinayi, ndipo pansi palibe amadziwa ngati munthu uja akadali moyo. Amangoitana, osayankhidwa, n'kuitananso. Mphindi zimenezo munkafuna tizikhale zonse. Opanga filimu akazidumpha, inu munkaimitsa n'kuyang'ana wotchi ya pamkono. Osalankhula, osapita kukamwa madzi. Ine ndinkagwedeza mwendo, inu n'kuika dzanja pa bondo langa mpaka mwendowo utasiya. Munkati ulendo sutha munthu akafika, umatha odikira aja akamva mawu ake.

Ndi pamene panachokera lamulo la m'nyumba mwathu. Aliyense akafika kumene akupita, kaya kusukulu, kaya kushifiti, atumize mawu amodzi pa foni: ndatera. A Chrissie ankati n'zachibwana, koma ankatumiza.

Lachiwiri lija m'mawa munakwera basi ya ku Oadby, kunyumba ya okalamba komwe munkagwira ntchito. Inali holide, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndikudya buledi patebulo. Amami anali ataika foni pafupi ndi shuga. Nthawi yomwe munkafikira inakwana n'kudutsa. Ndinawauza kuti mwina batire yatha. Ndinayang'ana wotchi ya pachitofu n'kuwerenga mphindi zinayi, zitatha ndinayambanso zina zinayi, ndiye zinanso. Cha m'ma naini foni inalira, koma sanali inu. Mtima wanu unaima muli pampando wa basi, kachikwama ka chakudya chamasana kali pamiyendo.

M'mafilimu muja amaonetsanso akazi a anthu aja, ataima pakapinga kutsogolo kwa nyumba, akumwetulira makamera, manja atafinya kachikwama. Kale sindinkawaona n'komwe, ndinkafuna roketi. Tsopano ndimawaona tsiku lililonse kukhitchini kwathu. Amami akugwirabe unamwino, foni ili m'thumba la yunifolomu, ndipo ndikachedwa kutumiza mawu aja ndi mphindi zisanu amayamba kuimba. A Chrissie amasunga jekete lanu la buluu m'galimoto mwawo, akuti n'la mvula, koma sanalivalepo. Tonse tikukulirani, aliyense mwa njira yake. Njira ya amami ndi yakuti aliyense akhale pomwe angamuone. Akufuna ndiphunzire unamwino konkuno ku Leicester, ndizigona m'chipinda changa, ndizidya kwathu. Akuti ntchito yake sisowa, ndipo sakunama. Auza kale azimayi onse a kwaya kuti m'nyumba mwawo mukubwera nesi wachitatu, pambuyo pa iwo ndi a Chrissie.

Adadi, pali chinthu chomwe ndakhala ndikubisa. Mu Okutobala chaka chatha ndinauza amami kuti ndikupita ku laibulale. Ndinakwera sitima ya ku Loughborough, tsiku lomwe yunivesite imalandira ofuna kudzaona. Ulendo wa mphindi khumi zokha, koma zinali ngati ndikuchoka m'dziko. Anatilowetsa m'chipinda chachikulu momwe munali injini ya ndege, ataitsegula kuti zam'kati zizioneka. Ndinaigwira. Inali yozizira, ndipo ndinafuna kutembenuka kuti ndikufotokozereni m'Chichewa. Ndili pomwepo ndinatulutsa foni n'kulemba kuti ndatera. Amami anayankha kuti werenga bwino mwana wanga. Ndinatenga mawu anu n'kunamira nawo, mawu omwe iwo anawadikira m'mawa uja osabwera. Chimenechi chakhala chikundidya miyezi khumi.

Pa fomu yofunsira malo unamwino sindinaulembe n'komwe. Ndinalemba uinjiniya wa ndege ndi zam'mlengalenga. A ku Loughborough anandilonjeza malo ngati ndingakhoze bwino masamu ndi fizikisi, ndipo zotsatira zikutuluka Lachinayi likubwerali. Pepala lachiwiri la fizikisi silinandiyendere. Funso lomaliza ndinalisiya theka chifukwa ndinathamangira loyamba, ndinalilakwa, n'kulibwereza. Mukanakhalapo mukanati ndi mwendo uja. Ndikalephera ndiye kuti ndawanamiza amami pachabe, ndipo Seputembala andipeza ndilibe kolowera. Ndikakhoza ndiye kuti ndiwasiya ndi foni pafupi ndi shuga. Sindikudziwa kuti ndikuopa kwambiri chiti. A Chrissie akukayikira kale, chifukwa ofuna unamwino amaitanidwa kukafunsidwa mafunso, ine sanandiitane. Sanandifunsebe. Amangondiyang'ana pa galasi la galimoto.

Ndayesa katatu kuwauza amami. Koyamba anali atangofika kushifiti, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Kachiwiri ndinafika pa mawu akuti amami, iwo n'kuti wadya kodi. Kachitatu anandionetsa kawotchi ka anesi kopachika pachifuwa komwe agula kale, kali m'kabokosi, akuti andipatsa Lachinayi. Ndinati n'kokongola. Mwina wina anena kuti Loughborough ndi pafupi, nanga vuto n'chiyani. Amami si mwana. Akudziwa kuti wopita kukaphunzira zimenezi sathera pa Loughborough, ndipo inenso ndikudziwa, ndipo n'zomwe ndikufunazo.

Nditayamba kulemba ndimafuna ndikupempheni kuti muwauze inu, kaya m'maloto kaya mwanjira ina, poti inu ankakumverani ngakhale akukangana nanu. Koma m'mafilimu muja palibe ankalankhulira munthu wa m'kachombo. Ankayenera kutsegula pakamwa yekha. Ndiye mundilole, Adadi, ndibwereke mizere ingapo pa chikumbutso chanu.

Amami, ndikudziwa mwakhala pa benchi yachitatu, kapepalaka kali m'manja, ine ndili pambali panu. Pepani chifukwa cha tsiku la laibulale lija. Unamwino sindikuufuna. Ndikufuna kupita ku Loughborough, ndikagone komweko, ndikaphunzire kupanga zinthu zomwe zimapita kumwamba n'kubweza anthu ali moyo. Ndikalephera Lachinayi ndidzalembanso chaka chamawa. Ndikufuna mudzandiperekeze ku siteshoni, ndipo ndikadzalemba kuti ndatera, ndidzakhala ndili pomwe ndanenapo.

Ndanena, Adadi. Ndikuwadziwa amami, akafika pamzere uwu akhala chete, apinda kapepalaka pawiri, ayang'ana kutsogolo. Ine sindiwathamangitsa. Ndikhala mphindi zonse zinayi, zikatha ndiyambanso zina zinayi, mwendo ukugwedezeka, kudikira ngati dzanja lawo lingabwere pa bondo langa.

Kukuiwalani sikudzatheka. Foni ikalira m'mawa timayang'anabe ngati ndi inu.

Mwana wanu Uchizi, m'malo mwa akazi anu a Dyna ndi mwana wanu Chrissie
Spinney Hill, Leicester, 10 Ogasiti 2025